Ng'ombe yofula: muigulitse pano kapena muinenepetse kaye m'khola?

Tikangomaliza kukolola, alimi a ng'ombe kuno ku Lilongwe amandifunsa funso limodzimodzi: "Alangizi, ng'ombe yanga yofulayi ndiigulitse momwe ililimu, kapena ndiitsekere m'khola inenepe kaye?" Ndisanayankhe ndimapempha kuti andionetse pamene asunga mapesi, masangwi a mtedza ndi madeya. Ambiri amadabwa, chifukwa iwo amakhala akuganiza za mtengo wa nyama m'mabutchala a kwa Chinsapo kapena ku Area 25. Koma nkhaniyi imagamulidwa ndi chakudya chimene muli nacho m'manja mwezi wa June. Mtengo wa m'tauni umabwera pambuyo.

Mu May ndi June ng'ombe zathu za chikuda zimaoneka bwino. Zadya msipu dzinja lonse, ndipo tsopano zikudya zotsalira m'minda. Kuyambira August udzu umauma, moto umalowa m'tchire, ziweto zonse za m'mudzi zimathamangira kudambo limodzi. Pofika October nthiti zayamba kuwerengeka. Mlimi amene akuti "ndidikira mtengo ukwere" koma ng'ombe yake ikungopita kubusa ndi zinzake sakunenepetsa ayi, akungoionda pang'onopang'ono. Ameneyu ndimamuuza mosabisa kuti agulitse msanga, ng'ombe ikadali ndi thupi, kwa munthu amene ali ndi chakudya choipatsa kapena wofuna ya pangolo. Palibe chamanyazi pamenepo. Ndalama mwalandira, ndipo nkhawa ya akuba ndi ya matenda yapita kwa wina.

Kunenepetsa ng'ombe m'khola si kwachilendo m'boma lino. Achikulire a ku Mitundu, Malingunde ndi Nsundwe akukumbukira nthawi ya chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chinayamba mu 1968, pamene alimi ankatenga ng'ombe zofula, zina zochokera ku famu ya Dzalanyama, n'kuzidyetsa m'khola miyezi ingapo, kenako a kampani ya boma yogula ndi kupha ziweto ya Cold Storage n'kudzagula poyang'ana kulemera ndi giredi ya nyama. Chimene chinkawathandiza n'chakuti wogula ankadziwika ng'ombe isanalowe m'khola. Lero wogula muyenera kumusaka nokha, ndipo mavenda ambiri amagula ndi maso, sikelo palibe.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo ndiwerenga makilogalamu osati makwacha, poti mitengo ya masiku ano sikhalitsa. Titenge ng'ombe yolemera makilogalamu 250. Pa tsiku imafuna chakudya chouma pafupifupi makilogalamu 7. Mwa amenewa, 3 kapena 4 akhale madeya, otsalawo masangwi ndi mapesi oduladula, kuwonjezapo mchere pang'ono. Pa masiku 120, madeya okha akwana makilogalamu 360 mpaka 480. Chenjerani apa: madeya ndi opepuka, thumba lodzaza silifika makilogalamu 50 ngati la chimanga, choncho yezani limodzi musanawerenge matumba. Ng'ombe ya chikuda yodyetsedwa bwino imaonjezera theka la kilogalamu pa tsiku kapena kupitirirako pang'ono, ndipo yosakanizidwa ndi mtundu wa Brahman imachitako bwino kuposa apa. Tinene kuti pa miyezi inayi yaonjezera makilogalamu 70. Ikaphedwa, nyama imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake, ndiye kuti mwapindula nyama yokwana makilogalamu 35. Tsopano funsani mtengo umene wabutchala amagulira kilogalamu, muchulukitse ndi 35, muchotse ndalama za madeya, mchere, mankhwala ndi aganyu otunga madzi. Chotsalacho ndiye malipiro anu a miyezi inayi.

Mukawerengera motero muona kuti phindu ndi lochepa ngati madeya onse ndi ogula, makamaka ogula mu November kapena December pamene a nkhumba, a nkhuku ndi a ng'ombe zamkaka akulimbirana kuchigayo. Chaka cha njala ndiye musayerekeze n'komwe, chifukwa anthu nawonso amakhala akusaka gaga yemweyo. Phindu lenileni limachokera kuwiri. Koyamba, chakudya chikhale cha m'munda mwanu, kapena chogula motchipa nthawi ya masika. Kachiwiri, ng'ombe yonenepa imakwera mtengo yonse, osati makilogalamu oonjezerawo okha, chifukwa wabutchala amadziwa kuti nyama yake ndi yofewa ndipo sichedwa pa mbedza. Palinso manyowa. Ng'ombe ziwiri zokhala m'khola lofolera, loyalidwa udzu wouma, zimasiya manyowa ochuluka ndithu, ndipo ndi mmene feteleza wadulira, amenewa muwawerengere ngati ndalama.

Masangwi ndiye chuma chimene timachitaya kwambiri kuno. Lilongwe imalima mtedza wambiri, koma tikathothola timasiya masangwi padzuwa mpaka masamba onse ayoyoke, ena timawatentha. Chonsecho mphamvu yomanga thupi ili m'masamba omwewo. Aumitseni pamthunzi, muwaunjike pathandala lofolera, kutali ndi chiswe. Amene ali ndi lukina kapena nsenjere m'mbali mwa dimba ali pabwino koposa.

Si ng'ombe iliyonse yoyenera khola. Itseguleni kukamwa. Ya mano akuluakulu awiri kapena anayi kutsogolo, ya zaka ziwiri ndi theka mpaka zitatu ndi theka, ya msana wautali ndi chifuwa chotakata, imeneyo imabweza chakudya chanu. Kamwana ka chaka chimodzi kadzangokula mafupa, miyezi inayi sikakwanira. Ng'ombe ya pangolo imene yakalamba imatha kudzaza thupi ngati mano akadali olimba, koma ngati anaperepeseka gulitsani lero lomwe. Yolusa, yosafuna kumangidwa, nayonso imavuta, imangokhalira kulimbana ndi mitengo ya khola m'malo modya.

Musanayambe, itanani alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) aimwetse mankhwala a njoka za m'mimba ndi za m'chiwindi, makamaka ngati inkadya kudambo. Kupanda kutero mukudyetsa njoka. Nkhupakupa muzilimbana nazo mpaka tsiku logulitsa, chifukwa chigodola chikagwira ng'ombe yonenepa mumataya ng'ombe ndi madeya omwe. Madeyawo musathire odzaza beseni tsiku loyamba, mimba imatupa ndipo ng'ombe imatha kufa. Yambani ndi pang'ono, muziwonjezera kwa masabata awiri. Madzi ndiwo amagonjetsa mabanja ambiri: mu October ng'ombe imodzi imamwa malita 30 mpaka 40 pa tsiku, zigubu ziwiri za malita 20. Ngati mjigo uli kutali, kambiranani kaye ndi mayi a kunyumba ndi ana, poti kawirikawiri mtolo umenewu umagwera iwo.

Tsiku logulitsa muliwerengere chobwerera m'mbuyo. Ng'ombe yotsekeredwa kumayambiriro kwa August imatuluka mu December, nthawi imene za kubusa zili zoonda ndipo nyama ikufunika pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Nyengo ya Eid ya nsembe nayo imakweza msika, koma tsiku lake limasuntha chaka ndi chaka, choncho funsani abale athu achisilamu. Kumbukiraninso kuti kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma limaletsa kuyendetsa ndi kupha ziweto m'dera lokhudzidwa, ndiye sungani chakudya cha masabata ena atatu chapadera.

Wogula muyambe kulankhula naye ng'ombe ikadali ndi mwezi wathunthu m'khola, ndipo akhale awiri kapena atatu, osati mmodzi. Pemphani alangizi abwere ndi tepi yoyezera pachifuwa, kuti venda akamati "iyi ndi yaing'ono, bambo" inu mukhale mukudziwa kale makilogalamu ake. Chiphaso choyendetsera ng'ombe mukatenge kwa a zaziweto galimoto isanafike pakhomo.