Kukonza zipangizo zophunzitsira Biology, Chemistry ndi Physics pa sukulu yopanda labotale ku Mangochi

Sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale yokwanira, ndipo pena chipinda chimene chimatchedwa labotale chimakhala ndi matebulo ndi mipando basi. Ngakhale zili choncho, ophunzira a Fomu 4 a m'sukulu zimenezi amalemba mayeso a MSCE omwewo amene amalemba anzawo a m'sukulu zogonera konko, ndipo bungwe la MANEB limawayesanso pa ntchito yogwira ndi manja. Bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi lakhala likulimbikitsa njira ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lomwelo. Njirayi imathandizadi, koma imapindula pokhapokha mphunzitsi akadziwa kusiyanitsa zimene angatole, zimene angapange ndi zimene sukulu iyenera kugula ndithu.

Choncho ntchito yoyamba si kutolera mabotolo ayi, koma kukhala pansi ndi silabasi teremu isanayambe. Lembani mitu yonse imene mudzaphunzitse, ndipo pambali pa mutu uliwonse lembani chimene wophunzira ayenera kuona, kuyeza kapena kugwira kuti aumvetse. Pa ndandanda umenewu mudzaona kuti zipangizo zambiri zimabwerezabwereza: choyezera kuchuluka kwa madzi, chotenthetsera, chosefera, mawaya ndi mabatire. Yambani ndi zimenezi. Matchati ojambulidwa bwino ndi zifanizo zoumba ndi dongo zili ndi malo ake, koma ine ndimaziika kumapeto, chifukwa chinthu chopachikidwa pakhoma wophunzira amangochiyang'ana, pamene mayeso adzamufunsa kuti ayeze, alembe zimene wapeza ndi kujambula girafu.

Choyezera madzi chodalirika ndiponso chotsika mtengo ndi sirinji yatsopano ya mamililita 10 kapena 20 yogula ku famase, yopanda singano. Sirinji yogwiritsidwa kale ntchito kuchipatala isalowe m'kalasi, ngakhale itatsukidwa chotani. Ndi sirinji imodzi mukhoza kulemba milingo pa mabotolo ambiri a pulasitiki odulidwa kukamwa: thirani mamililita 10, lembani mzere, thiraninso, mpaka botolo lidzale. Kumtunda kwa botolo kumene mwadulako musataye, popeza mukakutembenuza kumakhala fanelo. Chotenthetsera chimapangidwa ndi kabotolo kagalasi kokhala ndi chitsekerero chachitsulo, chingwe cha thonje ndi sipiriti. Musadzaze sipiriti kupitirira theka, musaonjezere sipiriti moto ukuyaka, ndipo pakhale ndowa ya mchenga pafupi.

Pa Chemistry, mutu umene dera lathu latipatsa pafupifupi chilichonse ndi wa ma asidi ndi ma base. Tengani chidede chouma chodzaza dzanja, chiviikeni m'madzi otentha kwa mphindi 10, kenaka sefani pa kansalu koyera. Madzi ofiira amene mwapezawo ndi indicator: mu asidi amafiira kwambiri, ndipo mu base amasanduka obiriwira. Ma asidi musawafunefune kutali. Malambe oviikidwa m'madzi, bwemba, mandimu ndi viniga zonse n'zowawasa chifukwa cha asidi. Kumbali ya base kuli soda, sopo wochapira ndi chidulo. Chidulo n'chofunika kuchitchula mwapadera, chifukwa wophunzira aliyense waonapo mayi ake akudontheza madzi pa phulusa pofuna kuphika therere, ndipo pa ntchito imodzi imeneyi muli mitu itatu ya m'buku: kusungunula, kusefa, ndi kupeza base, imene kwakukulu ndi potassium carbonate. Wophunzira akaona chidulo chikusandutsa chidede kukhala chobiriwira, tanthauzo la base limamukhala m'mutu kuposa mmene likanakhalira ataliloweza.

Mukafika pa neutralisation, kumene ndi kuthetsana mphamvu kwa asidi ndi base, ikani mamililita 10 a chidulo m'kapu yoonekera, onjezani madontho angapo a chidede, ndipo wophunzira azithira viniga pang'onopang'ono ndi sirinji uku akuvundula, mpaka mtundu usinthe. Gulu lililonse lilembe kuchuluka kwa viniga amene lathira, libwereze katatu, kenaka lipeze avereji. Thovu limene limatuluka ndi carbon dioxide, ndipo ndi bwino kufunsa ophunzira kuti likuchokera kuti musanawauze. Ntchitoyi si titration yeniyeni, popeza mphamvu ya chidulo sitiidziwa, koma imaphunzitsa dzanja kuleza mtima ndi diso kudikira dontho lomaliza, zimene zimafunika tsiku limene wophunzira adzagwire burette, kachubu ka milingo kodonthetsera madzi m'labotale. Madzi a chidede sachedwa kusasa kuno kotentha, choncho akonzedwe tsiku la phunziro kapena dzulo lake. Ngati mukufuna chosungika, viikanimo timapepala toyera, tiumitseni pamthunzi, ndipo mutisunge m'botolo lotseka.

Madzi oyezera carbon dioxide amapangidwa ndi njereza yopaka nyumba. Ikani supuni imodzi m'lita imodzi ya madzi, khutchumulani, siyani usiku wonse, ndipo m'mawa tsanulani madzi oyera apamwamba okha n'kuwatsekera bwino. Laimu wothira m'munda sagwira ntchito imeneyi, ndipo aphunzitsi ena amataya nthawi ndi iyeyu osadziwa chimene chalakwika. Wophunzira akauzira mpweya m'madziwo ndi kapaipi komwera, madziwo amayera ngati mkaka. Mpweya womwewo mungaupange pothira viniga pa soda kapena pa zigoba zouma za nkhono zotola pamchenga. Batire ya tochi yotsika mtengo, ya mtundu wa zinc-carbon, ikatha mphamvu imakhala ndi zinthu zitatu zothandiza: kamtengo ka carbon ka pakati, chikopa cha zinc, ndi ufa wakuda wokhala ndi manganese dioxide, umene ukauthira mu hydrogen peroxide wa ku famase umatulutsa oxygen. Aphunzitsi okha ndiwo atsegule mabatirewa, atavala magolovesi. Mabatire a foni, a alkaline ndi a galimoto asang'ambidwe konse. Za dzimbiri n'zosavuta: misomali itatu, wina m'madzi wamba, wina m'madzi owiritsa ophimbidwa ndi mafuta ophikira, wina m'botolo louma lotseka, kenaka kudikira sabata imodzi.

Pa Biology, mphunzitsi wa ku Mangochi ali ndi mwayi umene anzake a ku Dedza kapena ku Mzimba angausirire. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo n'chifukwa chake malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, amene anakhazikitsidwa mu 1980, analembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 1984 pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. N'zomvetsa chisoni kuona mwana wa ku Makanjira kapena ku Malembo akujambula nsomba yochokera m'buku pamene atate ake ndi msodzi. Chambo chakwera mtengo, koma utaka, kambuzi, usipa ndi mlamba zimakwanira. Gulani m'mawa pa doko tsiku la phunziro, chifukwa ikamakwana masana nsomba imakhala itayamba kununkha.

Ikani mitundu inayi kapena isanu patebulo la gulu lililonse, ndipo ophunzira apange okha dichotomous key pofunsa mafunso a inde kapena ayi. Kodi ili ndi mamba? Kodi ili ndi ndevu? Kodi chipsepse chapamsana n'chachitali kapena chachifupi? Mlamba ndi kampango zimapatuka msanga pa funso la mamba ndi ndevu, pamene utaka ndi kambuzi zimafuna diso lakuthwa, ndipo mkangano umene umabuka pamenepo ndiwo phunzirolo. Kenaka atukule chophimba cha m'mbali mwa mutu, aone ziwalo zopumira za nsomba, zofiira chifukwa cha magazi ambiri, adule kachidutswa n'kukaika m'madzi kuti aone mmene timaulusi take timatambasukira. Akakatulutsa m'madzi timamatirana, ndipo apa aliyense amamvetsa chifukwa chake nsomba imafa pamtunda ngakhale mpweya uli wambiri. Pojambula, aphunzitseni kugwiritsa ntchito pensulo yosongoka, mizere yosadukaduka, ndi kuwerengera magnification pogawa kutalika kwa chojambula ndi kutalika kwa nsomba yeniyeniyo, popeza malikisi ambiri amatayika pamenepa. Musaiwale kutchula kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, chifukwa mfundo imeneyi imalongosola bwino cholinga chotsekera nyanja nthawi yoswana.

Udzudzu ndi nkhono ndi zipangizo zina za mitu ya malungo ndi likodzo. Mphutsi za udzudzu zisungidwe m'botolo la madzi lophimbidwa ndi kachidutswa ka neti, ndipo ophunzira aone kuti za Anopheles zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pamene za Culex zimalendewera mutu uli pansi. Phunziro likatha, thiranimo mafuta pang'ono kuti zife. Koma pa nkhono pafunika kusamala kwambiri. Tizilombo ta likodzo timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu la munthu, choncho musatume ophunzira kukalowa m'madzi osaya a m'mabango kuti akatole nkhono kapena zomera. Mu Shire ndi ku Malombe mulinso ng'ona ndi mvuu. Zigoba zouma zimakwanira, ndipo zomera za m'madzi zoonetsera thovu la photosynthesis mukhoza kupempha asodzi kuti akupatseni zimene zakodwa mu ukonde.

Osmosis imaoneka bwino ndi tizidutswa ta mbatata kapena mbatatesi todulidwa masentimita 5, tina m'madzi wamba, tina m'madzi a mchere wochepa, tina a mchere wambiri. Pakatha ola limodzi ayezenso kutalika ndi kuona tomwe tafewa. Ayodini wa pamabala amadetsa chinangwa, mpunga ndi ufa chifukwa cha starch. Poyeza tsamba, liwiritseni kaye, ndipo sipiriti wochotsera kubiriwira atenthetsedwe poika kabotolo kake m'madzi otentha moto utazimitsidwa, osati pamoto penipeni.

Physics imafuna kuyeza kuposa china chilichonse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo ndi sirinji ija mukhoza kupanga zolemera za magalamu 50, 100 ndi 200 m'timabotolo topepuka, mutaganizirako kulemera kwa botolo lenilenilo. Chingwe cha mita imodzi chomangidwa kamwala chimatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwerera, choncho maulendo 20 ayenera kukwana masekondi 40 kapena pafupi pamenepo pa wotchi ya foni. Magalasi owerengera ogulitsidwa pamsika ndi ma lens abwino: olembedwa +2.00 ali ndi focal length ya masentimita 50, kutanthauza mtunda wochokera pa galasi kufika pamene chithunzi cha chinthu chakutali chimaonekera bwino, ndipo ophunzira angatsimikize zimenezi pogwira chithunzi cha zenera papepala loyera. Asayang'ane dzuwa kudzera m'galasilo. Maginito amapezeka m'masipika a wailesi zakufa, ndipo amisiri okonza mawailesi ndi mafoni kawirikawiri amakhala ndi mawaya, maswitchi ndi timababu ta LED zimene alibe nazo ntchito. Nkhafi yooneka yothyoka ikalowa m'madzi ndi refraction imene mwana wa kunyanja anaiona kalekale. Legeni musaigwiritse ntchito pa lamulo la Hooke, lonena za mmene chinthu chimatambasukira chikakokedwa, chifukwa mphira satambasuka mofanana ndipo girafu imatuluka yokhota. Sipuling'i yachitsulo ndiyo yoyenera.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza aphunzitsi atsopano. Nyanja yathu ili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 kuposa nyanja yamchere, choncho madzi ku Mangochi Boma amawira pa madigiri 98 ndi pang'ono, osati 100, ndipo ku Namwera komwe ndi kumapiri amawira motsikirapo. Thermometer ikaonetsa zimenezi sikuti yawonongeka, ndipo wophunzira asakakamizidwe kulemba 100 pamene waona 98.

Tsono pali zipangizo zimene sizipangika, ndipo ndalama zochepa zimene mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo angapereke zipite kumeneku: thermometer, ammeter, voltmeter, burette, pipette, ma hand lens, ma test tube, Benedict's solution, mapepala a litmus ndi maikulosikopu ngakhale imodzi. Ndi bwino kugula ma hand lens khumi kusiyana ndi chipangizo chimodzi chodula chimene chidzatsekeredwe mu ofesi poopa kuti chiswedwa. Wophunzira amene wazolowera sirinji ndi chidede ayenerabe kugwira burette yeniyeni ndi kuwerenga mlingo wake kangapo asanafike Fomu 4, chifukwa m'chipinda cha mayeso simudzakhala chidede. Zimene sukulu yalephera kugula, kambiranani ndi sukulu za m'kalasita mwanu kuti mubwerekane kapena mutengere ophunzira kumeneko Loweruka, ndipo chobwereka chilichonse chilembedwe m'kaundula, ndi tsiku lobweza.

Chilichonse mwakonza, chiyeseni nokha dzulo lake ndi zipangizo zomwezo zimene ophunzira adzagwire, chifukwa viniga wa pamsika ndi chidulo sizikhala ndi mphamvu yofanana nthawi zonse, ndipo mungafunike kusungunulako ndi madzi kuti sirinji imodzi ikwane. M'kalasi la ophunzira ambiri, konzani zipangizo za gulu lililonse m'beseni lakelake, ndipo musinthanitse ntchito kuti atsikana nawonso aziyeza, osati kungokhala alembi a gulu. Posunga, pewani makatoni chifukwa cha chiswe. Zidebe za pulasitiki zovindikira ndizo zabwino. Botolo lililonse lilembedwe dzina la zili m'katimo ndi tsiku lokonza, makamaka popeza ambiri ndi mabotolo a zakumwa ndipo mwana waludzu angamwe. Sipiriti, ayodini ndi hydrogen peroxide zikhale m'kabati yokhoma, pamalo amthunzi ndiponso kutali ndi malata, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumaumitsa sipiriti ndi kufooketsa peroxide teremu isanathe.