Kukonza ndondomeko ya ntchito pamene amisiri ndi zipangizo n'zochepa

Tiyerekeze kuti mukuyang'anira ntchito yomanga chipinda chophunzirira, kalipentala ndi mmodzi, lole yotuta mchenga ndi imodzi, ndipo mukufuna kuti malata akhomedwe mvula ya mu Novembala isanagwe. Yambani ndi kulemba ntchito iliyonse payokha, masiku amene idzatenge, anthu ndi zipangizo zimene ikufuna, komanso ntchito imene iyenera kutha iyo isanayambe, monga mmene khoma limadikirira maziko.

Kenako werengani ngati kuti zonse zilipo zokwanira. Tsatirani ntchito zodikirana kuyambira pa maziko mpaka pa utoto, muphatikize masiku ake. Mzere umene uli ndi masiku ambiri ndi umene ukukuuzani tsiku loyambirira limene nyumbayo ingathe. Njira imeneyi imatchedwa Critical Path Method, ndipo anaikonza ku America cha mu 1957 akatswiri a makampani a DuPont ndi Remington Rand. Ntchito zimene sizili pa mzerewu zimakhala ndi mpata, kutanthauza masiku amene zingachedwe popanda kuchedwetsa nyumba yonse.

Apa m'pamene ambiri amalekezera, ndipo ine ndimaona kuti m'pamene ndondomeko zambiri zimafera, chifukwa pepala limalola kalipentala kukhala malo awiri tsiku limodzi. Yang'anani tsiku ndi tsiku pamene ntchito ziwiri zikulimbirana munthu mmodzi kapena chipangizo chimodzi, ndipo muyambitse imene ili ndi mpata wochepa. Mwachitsanzo, mafelemu a mazenera akufuna masiku 3 ndipo mpata wake ndi tsiku limodzi, pamene matabwa a denga akufuna masiku 4 ndipo mpata wake ndi masiku 6. Kalipentala akayamba ndi mafelemu, denga lidikira masiku 3 okha, palibe chimene chawonongeka. Akayamba ndi denga, mafelemu achedwa masiku 4, omanga khoma akhala chigonere akulipidwa, ndipo nyumba yonse yachedwa masiku 3.

Mukasuntha ntchito imodzi, werenganinso mipata yonse, pakuti mzere wautali uja umasintha. Yesaninso lamulo lina, monga loyambitsa ntchito imene tsiku lake lomaliza lili pafupi, mufananitse ndondomeko ziwirizo, chifukwa palibe lamulo limodzi limene limapambana nthawi zonse.

Ntchito zikafika mazana, kuyesa njira zonse sikutheka ngakhale ndi kompyuta yamphamvu, choncho mapulogalamu amafunafuna ndondomeko yabwino kwambiri imene angaipeze mu nthawi imene apatsidwa. Microsoft Project imatha kusuntha ntchito zolimbirana munthu mmodzi, ndipo OR-Tools ya Google ndi yaulere kwa odziwa kulemba mapulogalamu. Masiku odzitetezera nawo simenti ikachedwa musawamwaze pa ntchito iliyonse, koma muwaike pamodzi kumapeto kwa ndondomeko, ndipo sabata iliyonse mulembe amene mwadyapo.