Galimoto izipumako: malangizo kwa opita kuntchito pa boma la Mangochi

Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi galimoto yanuyanu ndipo mumalawira nayo m'mawa uliwonse kupita kuntchito pa boma, kaya mukuchokera mbali ya Nkopola ndi Makawa, kaya ku Ulongwe, kaya kutsidya kwa Shire. Sindikuti muigulitse ayi. Ndikuti pa ulendo wa masiku onse, wa msewu womwewomwewo, muziisiya pakhomo n'kukwera minibasi kapena Sienta.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambirife sitiwerengera. Timangothira mafuta a ndalama imene ili m'thumba tsikulo, mwezi n'kutha osadziwa kuti thanki yameza zingati. Tiyerekeze kuti kwanu ndi makilomita 25 kuchokera pa boma, ndipo galimoto yanu imayenda makilomita 10 pa lita imodzi. Kupita ndi kubwera ndi malita 5. Pa masiku 22 ogwira ntchito, amenewo ndi malita 110. Mu November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Pa mtengo umenewo malita 110 anali K278,300. Inuyo ikanipo mtengo wa lero, kenaka mufunse kondakitala kuti kuchokera pa siteji yanu kukafika pa boma ndi zingati, muchulukitse ndi maulendo 44. Manambala awiriwo muwalembe pa pepala limodzi, muwaonetsenso akunyumba kwanu. Ndiye kumbukirani kuti sitinawerengere oilo, matayala, mabuleki ndi mmisiri wa kugaraja, zomwe zimakufikirani msanga galimoto ikamayenda tsiku ndi tsiku.

Musadikire kuti mafuta adzatsika. Dziko lathu lilibe zitsime za mafuta. Mafuta ambiri amene mumathira adutsa pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo agulidwa ndi madola. Madola akasowa, mizere ija mumaidziwa imayamba, munthu n'kugona m'galimoto pamalo omwetsera mafuta. Inde, mtengo wa minibasi nawo umakwera mafuta akakwera, koma mtolo wake mumagawana anthu oposa 10, pomwe m'galimoto mwanu mumausenza nokha.

Palinso phindu limene silioneka m'thumba. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, umene ukuthandizira kusintha kwa nyengo. Komanso onani mmene pamsika ndi polowera pa mlatho wa Bakili Muluzi pamapanikizirana: njinga, njinga zamoto, ngolo, oyenda pansi, ndi galimoto zonyamula munthu mmodzimmodzi.

Chimene chimagwira ambiri mwendo si masamu, ndi manyazi. "Anthu ati chiyani akandiona pa siteji? Ati bwana uja wagwa nayo." Akulu anga, amene akunena zimenezo sakuthirirani mafuta. Ndipo kunena zoona, pa siteji aliyense maso ake ali kumsewu, sakuwerenga kuti wabwera wapansi ndani. Madandaulo ena ndi omveka, ndipo sindiwakana: minibasi imadikira kudzadza, mu October Mangochi amatentha ngati m'ng'anjo, ndipo nthawi zina mukhala moyandikana ndi dengu la usipa. Izi zili ndi pozembera pake.

Nthawi ndiye nkhani yaikulu. M'mawa kwambiri, pamene amalonda akuthamangira kumsika ndi ana akupita kusukulu, galimoto zimadzadza msanga ndipo kunja kumakhala kusanatenthe. Nyamukani theka la ola nthawi imene munazolowera isanakwane. Woitanira akamakukokerani m'minibasi, suzumirani kaye. Ngati muli anthu atatu okha ndipo dalaivala palibe pampando wake, ulendo ukadali kutali, olo injini ikulira chotani. Kwerani imene yatsala ndi mipando iwiri kapena itatu, kapena imirirani panjira kudikira yomwe ikuyenda kale. Pa misewu ya tara ya M3 yochokera ku Liwonde ndi M10 yopita ku Monkey Bay galimoto sizisowa masana.

Musanakwere, mvanani mtengo ndi kofikira. Funsani momveka bwino kuti, "Achimwene, mukafika pa boma penipeni?" Mukapanda kutero akakugulitsani panjira kwa minibasi ina, inu n'kuyambanso kudikira. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa nkhani ya chenji yadanitsa anthu ambiri ndi makondakitala.

Moyo wanu usatsike mtengo chifukwa mwasiya galimoto. Yang'anani matayala ngati sanathe mpaka kusalala. Onani chitseko: chikakhala chomanga ndi chingwe, ilekeni ipite. Galimoto yololedwa kunyamula anthu olipira imakhala ndi nambala yolembedwa mofiira, ndipo mapepala a inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) amamatidwa pagalasi lakutsogolo. Pa ma Sienta ndiye ndilankhule mosabisa: musalole kukhala kubuti kapena kupanikizana awiri pampando wakutsogolo. Dalaivala akamathamanga mosayenera kapena akamayankhula pafoni, mudzudzuleni mwaulemu koma mokweza, anzanu amve. Kawirikawiri mmodzi akayamba, ena amavomereza. Amene akutsika phiri la Chowe kuchokera ku Namwera asamale kwambiri posankha galimoto, popeza pamenepo mabuleki ndiwo amanyamula moyo wa onse.

Kuchokera pa siteji kukafika ku ofesi, ngati ndi pafupi yendani pansi. Kukatalika, kabaza wa njinga yakapalasa ndi wotchipa ndipo pa boma ndi pachidikha. Mukasankha njinga yamoto, chipewa chodzitetezera chikhale pamutu panu, ndipo musakwere atatu.

Musasinthe zonse kamodzi. Yambani ndi masiku awiri pa sabata, mulembe zomwe mwapulumutsa, mwezi ukatha muonjezere tsiku lachitatu. Galimoto muisungire maulendo oiyenera: kutengera wodwala kuchipatala usiku, kunyamula matumba a chimanga kapena simenti, kupita kumaliro ndi banja lonse, kapena tsiku limene mukudziwa kuti muweruka mdima utagwa, pakuti usiku zokwera zimachepa ndipo mtengo umakwera. Okhala kutali ndi tara, monga mbali za Makanjira, aone okha zomwe zingatheke. Kumeneko kukwera limodzi anthu anayi a njira imodzi n'kusonkherana mafuta kungakhale kwanzeru kuposa kudikira matola.

Galimoto yokhala pakhomo nayo imafuna chisamaliro. Iimikeni pamthunzi, muziiliza ndi kuiyendetsako kamodzi pa sabata kuti batire lisathe mphamvu, ndipo muzitsegula boneti kuona ngati makoswe sanayambe kudya mawaya.