Kampeni ka m'thumba: kasankheni bwino, kanoleni, ndipo mipeni ya akuluakulu musataye

Mpeni wanga woyamba wopinda ndinaupeza m'chikwama cha malemu amalume anga ku Katete, uli pamodzi ndi makadi akale a fodya ndi malezala, wadzimbiri mpaka sumatseguka bwino. Unali Okapi, uja wa kamphete kumsana. Ndinauviika m'mafuta masiku awiri nkuyamba kuutsegula pang'onopang'ono, ndipo utalira kuti kete kete kete ndinakumbuka momwe amalume ankatisendera nzimbe titakhala pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira tsiku limenelo sindiyenda popanda kampeni, ndipo anzanga ambiri kuno ku Chipata akhala akundifunsa kuti agule wotani, aunole bwanji, nanga yakale ija ndimaisunga motani, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi.

Choyamba dzifunseni kuti mpeniwo muzidula nawo chiyani. Ambirife ntchito zake ndi zomwezi, kudula chingwe cha saka la chimanga kapena nshawa, kusenda nzimbe ndi mango, kudula labala yomangira katundu pa njinga, kufundula luzi, kusongola kamtengo ka msampha wa mbewa, kung'amba nsungwi kwa iwo oluka malichero. Pa ntchito ngati izi chimpeni chachikulu n'chosafunika, lezala lake likakhala lotalika masentimita 7 mpaka 9 basi lakwana, umalowa m'thumba osakulemerani ndipo anthu sachita mantha mukautulutsa. Ntchito ya chikwanje isiyireni chikwanje. Ndaona anthu akukhoma msana wa mpeni wopinda ndi mwala kuti awaze nkhuni, kachitsulo kolumikiza kaja kamamasuka nthawi yomweyo ndipo mpeni umayamba kugwedera mpaka kalekale.

Okapi ndiye mpeni wodziwika kwambiri kuno, ndipo mbiri yake ndi yayitali kuposa momwe ambiri amaganizira. Unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, ankapangira kugulitsa kuno ku Africa, ndipo dzina analitenga ku nyama ya m'nkhalango za ku Congo yomwe azungu anali atangoidziwa kumene mu 1901. Nyamayo inadziwika kwa iwo kudzera mwa Harry Johnston, yemwe uja anali bwanamkubwa kutsidya kwa anansi athu ku Malawi m'zaka za m'ma 1890. Mu 1988 ntchito yopanga mipeniyi inasamukira ku South Africa, ku Isithebe m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Ichi n'chofunika kwa wosunga mipeni, chifukwa mukaona pa lezala palembedwa Made in Germany ndiye kuti mwagwira wakale, ukakhala wa South Africa ndi wa 1988 kubwera kuno. Chogwirira chake ndi cha mtengo, ina ili ndi kamwezi ndi tinyenyezi ta chitsulo, ndipo ukatseguka umakhoma, kuti muutseke mumakoka kamphete kaja kuti sipuling'i inyamuke. Apa samalani, zala zisakhale pamzere pomwe lezala likubwerera, ambiri amadzicheka potseka osati podula. Ku Joni mpeni umenewu unatchuka ndi zoipa chifukwa cha atsotsi, koma kuno kwathu wakhala mpeni wa mlimi, wa msodzi ndi wa wopha mbuzi, ndipo ine ndimauona choncho.

Ngati muli ndi m'bale amene amayenda kunja, kapena mwapeza mwayi m'mashopu a ku Lusaka, muuzeni akufunireni Opinel. Ndi mpeni wa ku France, anayamba kuupanga Joseph Opinel mu 1890 kudera la Savoie, ndipo amaipatsa manambala malinga ndi kukula kwake, nambala 8 ndiyo yoyenera m'thumba, lezala lake ndi masentimita 8.5. Pakhosi pake pali kachitsulo kozungulira kamene mumapotokola kuti mpeni ukhome, anakawonjezera mu 1955. Lezala lake ndi lopyapyala moti posenda mbatata kapena chinangwa palibe wina woufikira. Vuto lake ndi limodzi, nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi mtengo wa chogwirira umamwa chinyezi nkutupa, mpeni nkukana kutseguka. Musaukakamize ndi chikhadabo, gogodani kumapeto kwa chogwirira pa tebulo nsonga ya lezala idzatuluka yokha, kenako muusiye pamalo ouma masiku angapo.

Palinso Victorinox, uja wofiira wa mtanda woyera, wa ku Switzerland. Karl Elsener anayambitsa ntchito yake mu 1884 ku Ibach, ndipo dzinalo ndi la amayi ake Victoria kuphatikiza mawu oti inox, kutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri. Kwa munthu wa m'tauni, wa mu ofesi, woyendetsa galimoto kapena wokonza mawailesi, uyu ndiye ndingamusankhire chifukwa muli sikuludiraiva, chotsegulira botolo ndi chitini, ina muli ndi kasizasi. Koma gong'a zake ndi zambirimbiri pa msika. Weniweni patsinde pa lezala lalikulu pamalembedwa dzina la Victorinox momveka bwino, zitsulo zake zimatseguka mosalala nkugwa pamalo ndi kaphokoso kamodzi koyera, wabodza zilembo zimakhala zofufutika ndipo zitsulo zimakhulana.

Mukamagula mpeni uliwonse, kaya ku Saturday Market, ku Kapata, ku Down Shops kapena pa tebulo la salaula, musachite manyazi kuuyesa. Utseguleni wonse nkugwedeza lezala uku ndi uku, lisagwedere. Utsekeni muone ngati nsonga yabisika m'chogwirira, ikatulukira ngakhale pang'ono idzakubayani chala tsiku lina mukupisa m'thumba kufuna makiyi. Yang'anani pa kuwala ngati pali mng'alu pa mtengo pafupi ndi misomali yake. Wogulitsa akakana kuti muutsegule pitani kwina.

Tsopano nkhani ya chitsulo, pakuti apa ndi pomwe anthu amataya mipeni yabwino. Okapi zambiri ndi Opinel zina ndi za chitsulo cha kaboni, chimanoleka msanga ndipo chimathwa kwambiri koma chimachita dzimbiri mukangochisiya chonyowa usiku umodzi. Chosachita dzimbiri chija chinatulukira mochedwa, Harry Brearley anachipanga ku Sheffield mu 1913, ndipo ngakhale masiku ano alimi ambiri amakondabe cha kaboni chifukwa mwala uliwonse umachinola. Mukadula mango, ndimu kapena tomato lezala la kaboni limada, limasanduka lotuwa mwina lobiriwira ngati khosi la nkhunda. Kumeneko si kuwonongeka ayi, musakupale, mtundu umenewo umateteza chitsulo. Choopsa ndi dzimbiri lofiira, lija lokhakhala mukaligwira, limenelo chotsani msanga ndi phulusa lonyowa pa kansalu kapena sandipepa yosalala kwambiri. Mwambo wake ndi wophweka, mukamaliza kudula pukutani pa nsalu mpaka uume musanaupinde, ndipo pa sabata kamodzi dontho limodzi la mafuta a mashini osokera polumikizira paja. Pa lezala lomwe mumadulira zakudya pakani saladi pang'ono chabe nkupukuta, koma saladi musamuthire polumikizira chifukwa akakhalitsa amanata nkugwira fumbi, ndipo fumbi la Chipata la mu Seputembala ndi Okutobala mukulidziwa.

Kunola. Chonde mpeni wopinda musaupereke ku giraindala ya magetsi ija amanolera zikwanje ndi makasu. Imadya chitsulo chambiri nthawi imodzi, komanso imatenthetsa mphepete mpaka kusintha mtundu, ndipo chitsulo chikapsa choncho chimafewa, mudzanola m'mawa madzulo wabuntha kale. Ndinataya mpeni wina wabwino mwanjira imeneyi kwa munthu wina wonola pa msika, unabwerako utawonda ngati singano ndipo zinandipweteka mtima kwambiri. Tupa nayonso ndi ya nkhwangwa, pa mpeni igwiritseni ntchito pokhapokha pabenthuka.

Pezani mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, m'mahadiweya amagulitsa, kapena mwala wosalala wa kumtsinje ngati ankachitira makolo. Unyowetseni ndi madzi. Gonekani lezala pa mwala kenako nyamulani msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 20, ngati simudziwa madigiri ingoganizani kuti mukufuna kupala kachikopa kopyapyala pamwamba pa mwalawo. Kankhani kuchokera patsinde mpaka kunsonga, dzanja lisasinthe kapendekedwe, ichi ndiye chinsinsi chonse, anthu amalephera chifukwa ulendo uliwonse dzanja limapendeka mosiyana ndiye mphepete imangokhala yobulungira. Nolani mbali imodzi mpaka mukapapasa mbali inayo ndi chala, kuchokera kumsana kutsikira kumphepete, mumve kakukanda ngati kawaya. Kakamveka kuchokera patsinde mpaka kunsonga tembenuzani muchite chimodzimodzi mbali inayo. Mukatero pitani ku mbali yosalala ya mwala, mopepuka, uku kamodzi uku kamodzi, nkumaliza pa lamba wakale wa chikopa mukukokera chakumsana ngati ankachitira ometa ndi lumo. Poyesa musagwiritse chala, tengani tomato wakupsa, mpeni wakuthwa umalowa pa khungu lake osamufinya. Mukakhala paulendo popanda mwala, tembenuzani kapu ya tiyi ya dothi, kamzere kokhakhala ka kunsi kwake kamanola bwino ndithu.

Poyenda nawo, mpeni ukhale ndi thumba lakelake, osati pamodzi ndi foni kapena makobidi ndi makiyi. Ine ndimamangirira kachingwe kakafupi kuti ndiukoke msanga komanso usagwe ndikamapalasa njinga. Ndipo pali malo omwe mpeni suyenera kupita nanu ngakhale ndi kakang'ono bwanji, ku bala ndi ku shabini, ku bwalo la mpira, ku khoti, ku sukulu, ku misonkhano ya ndale. Kumowa makamaka, usiyeni kunyumba, mkangano ukabuka munthu amene wapezeka ndi mpeni m'thumba ndiye amavutika kufotokoza kwa apolisi ngakhale sanautulutse. Pa miyambo ya anthu ambiri ngati Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti ine ndimausiya m'galimoto kapena kunyumba. Pa ndege sulowa m'chikwama cha m'manja, uikeni mu sutukesi yopita kunsi apo ayi adzaulanda pachipata. Popatsa mnzanu mpeni, upindeni kaye kapena mupatseni chogwirira, ndipo ana aphunzitseni kusema chakutali ndi thupi, atakhala pansi, inu muli pomwepo.

Nanga kusonkhanitsa? Anthu akamva zoti ndimasunga mipeni amaganiza kuti ndimaitanitsa yodula pa intaneti. Ayi, yambani kumudzi kwanu. Akuluakulu athu ambiri a kuno kummawa anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, ku mapulazi a ku Zimbabwe nthawi imeneyo ili Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo pobwera m'masutukesi awo a malata munali mipeni. Ina ikadali m'madenga, m'zitini za misomali, pansi pa nkhokwe. Pitani kwa agogo kapena atsibweni mwaulemu, musangofika ndi ndalama m'manja ngati mwabwera kudzagula mbuzi, khalani pansi mufunse kuti agogo, mpeni uwu munaupeza kuti, munali ndi zaka zingati, munaugula kapena anakupatsani ndani. Ena adzakupatsani okha, ena adzati ndikadali kuugwiritsa ntchito, ndiye musaumirize. Ngati mwatenga umene ankadulira, agulireni watsopano wakuthwa tsiku lomwelo. Zomwe akuuzanizo lembani m'kabuku, dzina la mwini wake, mudzi, chaka ngati akukumbuka, ndi zonse zolembedwa pa lezala.

Zilembo za patsinde pa lezala ndizo zimakuuzani kwawo kwa mpeni. Mukaona Sheffield ndi wa ku England, ndipo wa kampani ya kumeneko ya Joseph Rodgers umakhala ndi chizindikiro cha nyenyezi ndi kamtanda. Wachitsulo wakuda wopyapyala wokhala ndi chithunzi cha mphaka akudumpha komanso zilembo zoti K55K, umenewo ndi Mercator wa ku Solingen. Douk-Douk wa ku Thiers ku France, womwe unayamba mu 1929, unafala kwambiri kumaiko a Africa omwe ankalamulidwa ndi France, ndiye amalonda ochokera ku Congo mwina angakupezereni. Kampani ya mipeni ya Case ya ku America ili ndi njira yakeyake yosonyeza chaka, mu 1970 anaika timadontho 10 patsinde nkumachotsa kamodzi chaka chilichonse, choncho wa m'zaka zimenezo wokhala ndi timadontho 7 ndi wa 1973. Musaiwalenso mipeni ya osula athu a m'midzi, ija amasula ndi mvukuto kuchokera ku sipuling'i ya galimoto kapena tupa yakutha, siipinda koma ine ndimaisunga pamodzi ndi inayo, chifukwa osulawo akuchepa chaka ndi chaka.

Mpeni wakale musaupale kuti uwale ngati watsopano. Sandipepa yokhakhala imafufuta zilembo zija, ndipo zikapita simudzadziwanso kuti unali wa kuti. Chotsani dzimbiri lofiira lokha, tsukani polumikizira ndi mswachi wakale ndi palafini pang'ono, pukutani, pakani Vaseline wochepa kwambiri. Posunga musaisiye m'zikwama za chikopa chifukwa chikopa chimasunga chinyezi, ndipo isagundane. Ine ndimakulunga uliwonse m'kansalu ka chitenje kouma nkuika m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyezi timabwera m'mabokosi a nsapato. Mvula ikayamba mu Novembala ndimatsegula chitini mwezi uliwonse kuyang'ana umodziumodzi. Okapi wa amalume uja yekha ndiye sakhala m'chitini, mango akapsa ndimautulutsa nkusendera ana anga pakhonde, kenako ndimaupukuta pa thalauzi nkuubwezera m'thumba.