Ma ARV mukumwa bwino, nanga khomo la chiberekero munaunikitsa liti?

Amayi amene muli pa ma ARV, nkhaniyi ndi yanu. Thupi labwerera, kumunda mukulima, ndipo zotsatira za magazi zikuonetsa kuti tizilombo tagona. Zonsezo n'zabwino. Koma pali kachilombo kena kamene ma ARV sapha, dzina lake HPV, ndipo ndi kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, khansa imene ikutha amayi ambiri kuno ku Malawi kuposa ina iliyonse.

HPV imafala pogonana, ngakhale pongokhudzana khungu la kumaso, choncho kondomu imathandiza koma siitchinga kotheratu. Pafupifupi aliyense amene anayamba za m'nyumba amakatengako nthawi ina, bambo kapena mayi, ndipo sichizindikiro cha chiwerewere ayi. Kwa ambiri, thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri, mwini wake osadziwa n'komwe. Vuto limabwera kakakhazikika. Mitundu yake ilipo yambiri, koma iwiri, ya nambala 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa khansayi mwa amayi 7 pa 10 alionse odwala.

Apa ndi pamene HIV imalowerera. Chitetezo cha m'thupi chikafooka, HPV imakanirira pakhomo la chiberekero n'kuyamba kusintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa mayi wa chitetezo chokwanira pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti kusinthaku kusanduke khansa, pamene mwa wa chitetezo chofooka zaka 5 mpaka 10 zokha n'zokwanira. Limatinso mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Kumwa ma ARV mwandondomeko kumachepetsa chiopsezochi, koma sikuchithetsa.

Zaka zimenezi, khungu litasintha koma khansa isanayambe, ndiye mwayi wathu. Choipa chake n'chakuti nthawi imeneyi simumva kupweteka, simuona magazi, palibe chilichonse chokuuzani. Zili ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba lili bwinobwino, mpaka mutapisamo dzanja. Ndiye musadikire zizindikiro. WHO imalangiza kuti mayi amene ali ndi HIV ayambe kuunikidwa ali ndi zaka 25, ndipo ngati akuunikidwa ndi viniga asapitirire zaka zitatu osabwerezanso. Kuchipatala kwanu akhoza kukupatsani tsiku lapafupi kuposa pamenepa. Tsatirani lomwelo, ndipo muonetsetse kuti alilemba m'buku lanu lakuchipatala.

Ambiri chimawabweza ndi mantha a zimene anamva pachitsime, zoti amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka kenako n'kuchibwezera. Zimenezo n'zabodza. Mumagona chagada, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira kuti aone khomo, n'kupakapo viniga ndi thonje. Pakapita mphindi imodzi, malo amene asintha amayera, ndipo iye amawaona ndi maso. Kachipangizoko kamazizira ndipo kamasowetsa mtendere pang'ono, viniga nayenso amanyerenyesa, koma zonse zimatha musanatope n'kugona. Ngati mukuchita manyazi ndi namwino wamwamuna, pemphani wamkazi, palibe cholakwa. M'zipatala zina muli njira yoyeza HPV yeniyeniyo, imene mayi amadzitengera yekha chinyezi cha kumaso ndi kamtengo ka thonje.

Akakuuzani kuti apeza malo oyera, musathamangire kulira maliro. Nthawi zambiri sikhala khansa, ndi chiyambi chabe, ndipo chimachizika tsiku lomwelo. Amakhudzitsa pamalopo kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa nthawi yosafika mphindi imodzi, khungu loipalo n'kufa. Chipatala cha Nkhoma ndi chimodzi mwa zimene zinayamba msanga njirayi m'dziko muno, ndipo tsopano inafika m'zipatala zambiri. Malowo akakhala aakulu, amakutumizani kuchipatala chachikulu kuti akawadule ndi kawaya ka magetsi. Chiberekero chimakhala chilipo, ndipo wofuna mwana atha kubereka.

Mukachoka apo mudzaona madzimadzi akutuluka kwa milungu ingapo. Musadabwe nazo, ndi bala likupola. Kwa milungu inayi musagonane, ndipo musaike chilichonse kumaso, kaya nsalu, kaya mankhwala achikuda aja ena amati ndi oumitsa. Abambo, apa m'pofunika inu. Mwezi umodzi si chaka, ndipo kukakamiza mayi bala lisanapole n'kumuika pangozi. Bwinonso mupite limodzi kuti mukamve nokha kwa namwino. Mukaona kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'chinena, magazi ochuluka kapena zotuluka zonunkha, bwererani kuchipatala msanga.

Chimene chimandidandaulitsa ine ndi chakuti amayi ambiri akathandizidwa kamodzi amaona ngati nkhani yatha. Mwa amene ali ndi HIV, malo aja amatha kubwereranso, n'chifukwa chake amakuuzani kuti mubwere pakatha miyezi 12. Njira yosavuta ndi kulumikiza tsikuli ndi limene mumakatenga ma ARV, kuti ndalama ya kabaza ikhale imodzi.

Za ana athu aakazi, katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Satseketsa kubereka. Mtsikana amene ali ndi HIV amafunika kubayidwa kosachepera kawiri, katatu ngati n'kotheka, choncho uzani mlangizi wa zaumoyo m'mene mwanayo alili.

Koma ngati mukutaya magazi mukatha kugonana, pakati pa msambo, kapena mutasiya kale kusamba, musadikire tsiku la m'buku lija. Pitani sabata yomwe ino, ndipo mukafotokoze zonse mosabisa.