Momwe mungayambire ulimi wa njuchi ndi kusankha mng'oma woyenera pamunda panu

Anthu ambiri akamva kuti uchi uli ndi msika amathamangira kufunsa mtengo wa mng'oma. Funso limenelo lidikire kaye. Njuchi si nkhuku zoti mukagule pamsika n'kuzitsekera m'khola. Zimabwera zokha, ndipo pakakhala posazikomera zimasamuka osatsanzika.

1. Yambani mwayendera malo

Yang'anani zomwe zimachita maluwa kwanuko: mango, bulugama, nandolo, mpendadzuwa, maungu, makamaka mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba. Njuchi zimafuna chakudya mpaka mtunda wa makilomita atatu, choncho nkhalango ya mudzi kapena phiri loyandikana nalo ndi phindu lanu. Madzi akhale pafupi. Ngati palibe mtsinje, ikani beseni n'kuponyamo timitengo toti zizitera, apo ayi muzikangana ndi amayi pamjigo m'mwezi wa Okutobala.

Sankhani pamthunzi, pamtunda wa mamita 100 kapena kuposa kuchokera panyumba, pakhola ndi panjira ya ana a sukulu. Njuchi zathu zino n'zaukali. Pewaninso pafupi ndi munda wa thonje kapena dimba la tomato lomwe amapopera mankhwala pafupipafupi.

2. Sankhani mng'oma

Apa ndiye pagona nkhani. Ming'oma yomwe mungakumane nayo ilipo mitundu itatu.

Wa makungwa ndi uja makolo ankapachika m'mwamba mwa mtengo. Sulira ndalama ndipo njuchi zimalowamo msanga, koma mng'oma uliwonse ndi mtengo umodzi wouma chifukwa chosendedwa, mtengo womwewo womwe ukanapatsa njuchi maluwa. Mkati simungaonemo, ndipo pofula mumawononga ana a njuchi. M'nkhalango za boma kusenda mitengo popanda chilolezo ndi mlandunso.

Wa Langstroth ndi wa mabokosi osanjikiza uja mumauona pazithunzi za mabungwe. Unatchuka kuchokera ku America, komwe Lorenzo Langstroth adaulembetsa mu 1852. Umatulutsa uchi wambiri, zoona, chifukwa zisa zimabwezeredwamo mukachotsa uchi. Koma umafuna mafelemu (timatabwa ta ngodya zinayi momwe njuchi zimamangamo zisa) a muyeso weniweni, waya, mapepala a phula ndi makina opukusa uchi. Ngati muli pagulu lomwe makinawo alipo, yesani. Ngati muli nokha ndi ming'oma itatu, mwagula galimoto musanalime msewu.

Ine ndimalimbikitsa wa top bar, womwe adaukonzera alimi a ku Kenya m'zaka za m'ma 1970. Ndi bokosi lalitali pafupifupi mita imodzi, lotambalala kumwamba n'kuchepa kunsi ngati chodyera nkhumba. Pamwamba pamayalidwa timatabwa 25 mpaka 30, ndipo njuchi zimamanga chisa chimodzi pa kathabwa kalikonse. Mukhoza kunyamula chisa, kuchiona, n'kuchibwezera. Kalipentala wa pa tiledingi senta angaupange ndi matabwa ouma a malaina kapena paini. Ndalama zikavuta, ena amaluka thupi lake ndi nsungwi n'kumata ndi dothi.

Koma pali muyeso umodzi wosanyengerera: kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi. Umenewu ndi mpata womwe njuchi za kuno zimasiya kuchokera pakati pa chisa china kufika pakati pa chinzake. Ine ming'oma yanga yoyamba kalipentala adacheka mwa diso, tina 36, tina 40, nati "bwana, kusiyana kwake n'kochepa". Patatha miyezi inayi ndinati ndinyamule kathabwa kamodzi, tinanyamuka tisanu nthawi imodzi, zisa zitamangidwa mopingasa. Chisa chinang'ambika, uchi unayenderera mpaka m'jombo, ndipo zomwe njuchi zinandichita tsiku limenelo sindizifotokoza pano. Pitani ndi tepi yanu, yezani kalikonse musanalipire.

Musagule ming'oma 20 chaka choyamba. Itatu kapena isanu ikukwanirani kuphunzirirapo.

3. Ikani nyambo

Sungunulani phula la njuchi n'kupaka mzere woongoka pakati pa kathabwa kalikonse, mbali yakunsi. Mzerewo ndi womwe njuchi zimatsata pomanga. Lina pakani pakhomo ndi m'kati. Udzu wonunkhira mandimu uja timathira mu tiyi umathandizanso mukaukwecha m'makoma. Penti ipakidwe kunja kokha.

Pachikani cha mu Ogasiti kapena Seputembala, mitengo isanayambe maluwa, pomwe magulu a njuchi amayamba kugawikana. Ukatha mwezi njuchi zisanalowe, tsegulani mng'omawo. Nthawi zambiri mupezamo buluzi, mavu kapena mbewa. Sesani, pakaninso phula.

4. Pachikani molimba

Mangani ndi waya pakati pa mitengo iwiri, mng'oma ufike m'chiuno kapena pachifuwa, ndipo usapendekeke. Pakani girisi pa waya kuti linthumbu lisadutse, chifukwa limatha kuthamangitsa gulu lonse usiku umodzi. Kumene kuli chiuli, mng'oma wolendewera umachivuta kuswa kusiyana ndi wokhazikika pa thandala. Chivundikiro chikhale cha lata, udzu pamwamba kuti musatenthe. Lambulani mozungulira nyengo ya moto wolusa isanafike.

5. Zovala ndi utsi

Chophimba kumaso, ovololo yoyera, magolovesi, jombo ndi chofukizira utsi. Zisononkho za chimanga kapena ndowe zouma za ng'ombe zimatulutsa utsi wabwino wosatentha. Za muuni wa udzu iwalani: umapsereza njuchi, uchi umanunkha utsi, ndipo nkhalango zambiri zapsa motero. Ngati munthu akalumidwa amabanika kapena kutupa thupi lonse, asayandikire, ndipo zikachitika thamangirani naye kuchipatala.

6. Kufula

M'madera ambiri a nkhalango zachilengedwe amafula kawiri, cha mu Meyi mpaka Julayi komanso mu Novembala ndi Disembala. Pitani madzulo kukazizira, yambani kutsegula kumbuyo, kutali ndi khomo. Tengani zisa zokhazo zomwe njuchi zamata ndi phula. Uchi wosamata uli ndi madzi ambiri ndipo umasasa m'botolo. Zisa za ana zisiyeni, pamodzi ndi ziwiri kapena zitatu za uchi zoti zidye nthawi ya mvula.

Phwanyani zisa m'ndowa yoyera ya pulasitiki, sefani ndi nsalu, osawiritsa. Ngati mukufuna kuti mabotolo anu adzafike m'masitolo, pafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo chimenechi chimapepuka mukakhala pa kopaletivu. Makoko otsala pansalu musataye kudzala. Asungunuleni m'madzi otentha, phula lidzaundana pamwamba likazizira. Lina mugulitsa kwa opanga makandulo, lina musungire ming'oma yomwe mupachike Ogasiti akubwerayu.