Kubwerera ku sukulu tili ndi imvi: momwe mmisiri angaphunzirire kumanga mosasakaza

Ntchito yomanga ndinaiyamba ngati dakaboyi wa malume anga ku Chinamwali. Kwa zaka zoposa 20 njira imene ndinkadziwa inali imodzi basi: kuponda dothi, kuumba, kusanja uvuni, kugula nkhuni, kuotcha usiku ndi usana, kenako n'kumanga. Tikamayang'ana m'mbali mwa phiri la Zomba momwe mwayeramo, tinkaloza chala ootcha makala, osadziwerengera kuti ena mwa odya mitengoyo ndife. Mu 2018 kunatuluka malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomanga, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Ambirife tinangozindikira kuti luso limene tinkadyera latsekeredwa kunja kwa ntchito zikuluzikulu.

Zimene ndikulemba pano ndi za amisiri anzanga, akapitawo ndi makontilakita ang'onoang'ono amene sangasiye ntchito zaka ziwiri kukakhala m'kalasi. Kuphunzira n'kotheka uli pantchito pomwepo, bola ukhale ndi kope, tepi ndi mtima wolola kuuzidwa.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ntchito yoyamba ya mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti, aja timangoti ma SSB, ndinaipeza cha ku Jali. Ndinabwereka makina opanikizira, n'kuuza anyamata kuti akumbe pamene pali pafupi. Pafupipo panali m'mphepete mwa dambo, dothi lake makande. Tinaumba mabuloko oposa 800, n'kuwayala poyera pa dzuwa la Okutobala monga timachitira ndi zidina. Pofika tsiku lachinayi anali ndi ming'alu ngati chidendene cha munthu wolima osavala nsapato. Pa gulu langa panali mtsikana wina wochokera ku sukulu ya ntchito zamanja, amene anabwera kudzaphunzira ntchito ya pamalo. Anadikira anyamata apite kukadya, n'kubwera ndi botolo la madzi osakaniza ndi dothi lathulo m'manja.

"Bambo, mundikhululukire, koma dothili munaliyeza?"

"Chemwali, dothi ndayamba kuligwira inu musanabadwe."

Sanayankhe. Anangoika botololo pa buloko, nati tilione mawa. M'mawa mwake pansi pa botolo panali kamchenga kosakwana chala chimodzi, pamwamba pake dongo lokhalokha. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, akulu sananame.

Yambani ndi dothi, ndipo muliyeze nokha

Kuyeza kwa botoloko n'kumene ndimayambira pophunzitsa aliyense, chifukwa sikulira ndalama. Palani dothi lapamwamba lakuda lija, la mizu ndi zinyalala, muike pambali. Limenelo ndi la kumunda. Tengani la pansi pake, mulisefe, muthire m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu. Onjezani madzi kutsala pang'ono kudzaza, kamchere pang'ono, mukhutchumule kwambiri, n'kuliika pamalo osagwedezeka. Mchenga umakhala pansi pasanathe mphindi imodzi. Fumbi losalala limatsatira pambuyo pake, ndipo dongo limatenga tsiku lonse. Mawa lake yezani ndi tepi. Dothi labwino la SSB limakhala ndi mchenga woposa theka, dongo lake lili pakati pa 10 ndi 20 pa 100. Dongo likachuluka buloko limang'aluka pouma. Likachepa kwambiri buloko limagumuka pochotsa m'makina. Katondo wofiira wa m'malo okwera kawirikawiri amachita bwino. Makande, ngati palibiretu kwina kotenga, amafuna mchenga wambiri wosakaniza.

Kuyeza kwachiwiri kumafuna kabokosi ka matabwa, mkati mwake kotalika 600 mm, m'lifupi 40 mm, kuya 40 mm. Pakani mafuta mkatimo, dzazani dothi lonyowa ngati loumbira, musalaze, muike pamthunzi sabata yathunthu. Likauma, kankhirani dothi lonse mbali imodzi, muyeze mpata umene watsala. Mpata ukakhala wochepera 15 mm, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 18 ya dothi umakwana. Ukamakula mpatawo simenti imakweranso, mpaka umodzi pa 12 mpata ukayandikira 60 mm. Ukapitirira pamenepo musalimbane nalo dothilo ndi simenti, mungotha matumba. Onjezani mchenga kapena sakani dothi lina.

Madzi nawo ali ndi muyezo wake. Fumbatani chosakanizacho, muumbe kampira, mukagwetse pansi polimba kuchokera pa msinkhu wa phewa. Kakamwazika ngati ufa, madzi achepa. Kakangophwatalala osasweka, achuluka. Kakasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, umbani. Ndipo musasakanize mulu waukulu ngati wa chaka chonse: simenti ikakumana ndi madzi imayamba kugwira, choncho sakanizani zoti zithe pasanathe ola.

Cholakwa changa chachiwiri ku Jali chinali dzuwa. Chidina chimalimba pouma, koma simenti imalimba ndi chinyezi. Buloko likatuluka m'makina liikeni pamthunzi, lifunditseni pepala lakuda la pulasitiki, muzilithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo ine ndimafikitsa 14. Kumangira n'kuyambira pa tsiku la 28. Eni nyumba amadandaula kuti mukuchedwa. Auzeni tsiku loyamba lomwe kuti mwezi umenewu ulipo, asadzadabwe. Musanamange, tengani mabuloko atatu mwachisawawa, muwamize mu ndowa usiku wonse. Likasungunuka m'makona, musanamizire mvula ikadzabwera.

Kakhoma koyesera ndi kope

Njira iliyonse yatsopano imene ndamva, kaya ku msonkhano, kaya pa YouTube, siyifika pa nyumba ya munthu isanadutse kuseri kwa nyumba yanga. Kumeneko kuli tizikhoma tisanu, kalikonse mita imodzi mulitali ndi mita imodzi kupita m'mwamba, ndipo mayi a kunyumba amati ndasandutsa bwalo lawo manda. Pa kakhoma kalikonse ndimalemba m'kope tsiku, kumene ndinatenga dothi kapena mchenga, muyezo wa simenti, mabuloko angati atuluka pa thumba limodzi la 50 kg, ndi daka wochuluka bwanji walowa. Kenako ndimakasiya kakumane ndi dzinja limodzi. Mvula ya Zomba siyinyengerera munthu. Ikatha Malichi, khoma lanena kale zoona.

Kope limeneli ndi limene linandionetsa kumene simenti imathawira. Mpata wa pakati pa njerwa uyenera kukhala 10 mm. Pitani pamalo alionse omanga ku Matawale kapena ku Sadzi muike tepi: mupeza 20, nthawi zina 25, chifukwa njerwa zake n'zosiyana misinkhu ndipo mmisiri akukonza mzere ndi daka. Ndiye kuti daka wawirikiza kawiri, khoma silinalimbe kuposa kale, mwini wake walipira. Khoma lokhota nalonso limadya pulasitala wokhuthala pobisa manyazi. Chingwe ndi levulo zimapulumutsa simenti yambiri kuposa kuchepetsa muyezo mobisa, kumene ena amakutcha kusunga pamene kuli kuba.

China chimene ndinachiphunzira mochedwa n'kuwerenga pulani ndi buloko m'maganizo. Ngati buloko lanu pamodzi ndi daka wake ndi 400 mm mulitali ndi 200 mm msinkhu, mabuloko 12 ndi theka amadzaza sikweya mita imodzi. Khoma la 3.6 m limalowa mabuloko 9 opanda chodula, la 3.7 m limakudulitsani buloko pa mzere uliwonse, zidutswa n'kumaunjikana pansi. Mukaona zotere pa pulani, imbirani wojambulayo musanakumbe maziko, mufunse ngati angasunthe pang'ono. Ambiri amavomera, ena amathokoza.

Kwa amene mukumangabe ndi njerwa zazing'ono, yesani kamangidwe koimika njerwa cham'mbali n'kusiya mphako mkati mwa khoma, kamene katswiri wina, Laurie Baker, anakatchukitsa ku Kerala m'dziko la India. Njerwa zimachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, daka nayenso amachepa, ndipo mpweya wa m'mphakomo umatchinga kutentha. Koma kamafuna njerwa zolimba, zofanana bwino, komanso mizere yodzaza pansi, pa mawindo ndi pamwamba. Ndi njerwa za uvuni wa m'mudzi zija, ina yopserera ina yaiwisi, musayerekeze.

Phunzirani dzuwa, mphepo ndi madzi a pamalopo

Kusunga chuma sikuthera pa zomangira. Nyumba imene imafuna fani usana wonse ndi getsi masana idzadya ndalama za mwini wake zaka 40. Kuno tili kummwera kwa dziko lapansi, ndiye m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, pamene nyengo yotentha limadutsa pamutu. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, mawindo aakulu akhale kumeneko, ndipo khoma la kumadzulo likhale ndi mawindo ochepa kapena khonde. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko. Nyumba ya m'munsi mwa phiri cha ku Mulunguzi, kumene chiperoni chimazizira mpaka m'mafupa, siyingafanane ndi ya ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kumene vuto ndi kutentha ndi madzi osefukira. Pulani imodzi yomangoikopera paliponse ndi ulesi.

Denga lituluke kunja kwa khoma osachepera 600 mm, makamaka pa khoma la dothi. Pansi, maziko akwere pamwamba pa nthaka, ndipo pepala lotchinga chinyezi lisaiwalike. Amene tinayenda m'midzi namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinaona tokha: nyumba zambiri zinagwa kuyambira pansi, madzi atanyowetsa mizere yoyamba ya njerwa zomangidwa ndi matope. Kuchepetsa simenti pa khoma la m'kati n'kotheka. Kuchepetsa pa maziko, pa lintala ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ndi pa waya womangira denga ku khoma ndi kupha anthu.

Madzi a padenga awerengereni mwini nyumba pamaso pake. Mvula ya 1 mm pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 pa mvula ya 20 mm limatsitsa malita 2,000. Munthu akamva nambala imeneyo, magatala ndi thanki sakananso. Madzi omwewo, mukakhoma denga msanga, ndi othirira pulasitala ndi pansi.

Kumene mungapeze maphunziro ndi pepala

Zonsezi sizichotsa kufunika kwa satifiketi, chifukwa ntchito zazikulu zimafunsa pepala musanatsegule pakamwa. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yoyesa luso limene munthu anaphunzira pantchito n'kumupatsa satifiketi popanda kuyambiranso pansi. Kwa ife amene tinaphunzira kwa amalume, khomo ndi limeneli. M'boma lathu lino muli Nasawa Technical College, ndipo kupita kukafunsa za maphunziro aafupi kumangofuna ndalama ya minibasi. Makontilakita olembetsa azitsatira zilengezo za bungwe loyang'anira ntchito zomanga, chifukwa limachititsa maphunziro a masiku ochepa. Kwa mainjiniya ndi ojambula mapulani, yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, pamodzi ndi mabungwe a ntchito zawo ndi kumene nkhani zatsopano zimayambira.

Posankha maphunziro, ine ndimafunsa funso limodzi: kodi tigwira dothi? Ndinalipirapo maphunziro ena a masiku atatu mu holo, zithunzi zokongola pakhoma, chakudya chabwino, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anada m'manja. Ndinabwerako ndi pepala ndi cholembera. Maphunziro abwino amakhala ndi makina pabwalo, sikelo, ndowa, ndi mphunzitsi wololera kuti buloko lake limizidwe m'madzi anthu akuona. Funsaninso ngati satifiketi yake ikuzindikiridwa ndi TEVETA musanapereke ndalama.

Mabungwe amene amamanga masukulu ndi zipatala m'midzi nthawi zambiri amabwera ndi makina, ena a Makiga ochokera ku Kenya, ena a Hydraform a ku South Africa. Mukamva kuti ali pafupi, pemphani ganyu ngakhale ya malipiro ochepa kwa sabata ziwiri. Makina aliwonse ali ndi khalidwe lake, ndipo kuchuluka kwa dothi lothira m'chikombole kumadziwika ndi dzanja, osati ndi buku.

Pamalo panga pantchito, Loweruka lililonse tikalandira malipiro timakhala mphindi 30 pa mulu wa mchenga. Mmodzi amafotokoza chimene chalakwika sabata imeneyo, wina amaonetsa chimene waona kwina, ndipo dakaboyi amaloledwa kufunsa chilichonse osasekedwa. Sabata yatha mnyamata wina anafunsa chifukwa chake timataya zidutswa za mabuloko kuseri pamene mawa lake tikugula miyala yodzazira pansi pa nyumba yomweyo. Palibe anali ndi yankho. Lolemba tinayamba ndi mawilibala awiri kukatuta zidutswa zija.